Dziwe Lobisika Pansi pa Mapazi Athu: Mbiri ya Wembley Arena

Dzina la Wembley likatchulidwa, maganizo a ambiri a ife amathamangira ku bwalo la mpira wamiyendo, lija lili ndi uta wachitsulo umene umaoneka munthu akadali kutali. Si zodabwitsa, pakuti dzinali tinalidziwira pa wailesi tili kumudzi, tisanaganizeko n'komwe zoti tsiku lina tidzaponda nthaka ya ku Mangalande. Komatu pambali pa bwalo latsopanolo pali nyumba ina yachikale, yaifupi, yokhala ndi nthiti zakonkire m'mbali mwake, imene anthu ochuluka amangoidutsa. Kuyambira m'chaka cha 2022 inayamba kutchedwa OVO Arena Wembley, ngakhale ambiri amangoti Wembley Arena. Dzina lake lobadwa nalo, la m'chaka cha 1934, linali Empire Pool, kutanthauza dziwe la Ufumu wa Britain.

M'nyumbayi anthu asambiramo, atereramo pa madzi oundana, amenyanamo nkhonya ndiponso avinamo nyimbo za mitundu yonse. Ufumu umene unaipatsa dzina unatha kalekale, koma nyumbayo ilipobe. Tinaona kuti n'koyenera kuti m'kalata yathu ino tifotokozeko mbiri yake, chifukwa mwa iyo muli nkhani zimene zimatikhudza ife amene tinachoka kwathu, ngakhale ife a ku London, a ku Johannesburg, a ku Harare kapena a kutsidya la nyanja ku America.

Nthaka imene tinaonetsedwapo

Kuti timvetse nyumbayi tiyenera kuyambira pa nthaka imene inamangidwapo. Pa 23 Epulo 1924, Mfumu George V inatsegula chionetsero chachikulu chotchedwa British Empire Exhibition ku Wembley, dera limene panthawiyo linali kumphepete kwa mzinda wa London. Cholinga chinali kuonetsa Angerezi chuma cha maiko onse amene anali pansi pa ulamuliro wawo, ndi kulimbikitsa malonda pakati pa maikowo nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha. Malowo anali maekala 216, ndipo m'zaka ziwiri, 1924 ndi 1925, anthu pafupifupi 27 miliyoni analowa pa zipata zake.

Canada, Australia, India ndi South Africa anali ndi nyumba zawozawo zikuluzikulu. Nyasaland anapatsidwa chigawo m'nyumba ya maiko a kum'mawa kwa Africa, pamodzi ndi Kenya, Uganda, Tanganyika ndi Zanzibar, ndipo chimene dziko lathu linkadziwika nacho kwa amalonda a masiku amenewo chinali fodya, tiyi ndi thonje. Apa n'kuti patangopita zaka zisanu ndi zinayi chiukirireni John Chilembwe mu 1915, amene limodzi mwa madandaulo ake linali thangata wa m'minda ya atsamunda. Chionetsero cha ku Wembley chinali cha zokolola, osati cha manja amene anazilima.

Ochokera ku Nigeria, Gold Coast ndi Sierra Leone anaona zina. Amisiri a kumeneko anabweretsedwa kudzakhala m'mudzi wampanda umene unamangidwa mwadala, kuti alendo aziwaonerera akuwomba nsalu, akusema ndi kuumba. Manyuzipepala ena analemba zowanyoza, ndipo ophunzira a ku Africa amene anali ku London sanakhale chete. Anakadandaula kwa akuluakulu oyang'anira maiko a atsamunda. Mmodzi mwa amene analankhula molimba mtima m'masiku amenewo pa za kunyozedwa kwa anthu akuda m'manyuzipepala anali Ladipo Solanke wa ku Nigeria, amene ankaphunzira za malamulo. Mu 1925 iye ndi anzake anakhazikitsa West African Students' Union, bungwe limene patapita zaka makumi awiri Kwame Nkrumah anakhala mmodzi mwa atsogoleri ake. Mabungwe ngati lathuli, a anthu a ku Africa okhala kunja, ali ndi agogo awo pamenepo.

Wogulitsa ndudu ndi injiniya

Chionetsero chitatha, malowo anasanduka bwinja. Nyumba zambiri zinagulitsidwa kuti zigwetsedwe, ndipo bwalo la mpira, limene linatsegulidwa mu 1923, linatsala pang'ono kugwetsedwa nalonso. Amene analipulumutsa anali mnyamata wa ku Norwich dzina lake Arthur Elvin. Iyeyu analowa ku Wembley mu 1924 ngati wogulitsa ndudu m'kashopu kakang'ono ka pachionetsero. Ndalama zimene anapeza anaziika m'ntchito yogwetsa nyumba zosiyidwazo ndi kugulitsa zitsulo ndi matabwa ake, ndipo pofika 1927 anali atagula bwalo la mpira lenilenilo ndi kukhala woyendetsa kampani yake. Pozindikira kuti mpira wa kamodzi pa chaka sungalipire ngongole, anabweretsa mpikisano wa agalu ndi wa njinga zamoto. Chinatsala chinali chimodzi: nyumba yofolera, momwe anthu akanalipira pakhomo ngakhale kunja kukugwa chipale chofewa.

Ntchitoyo anaipereka kwa Sir Owen Williams, injiniya amene anagwira nawo ntchito yomanga bwalo la mpira ndi nyumba zazikulu za chionetsero chija. Williams ankakhulupirira konkire wolimbitsidwa ndi zitsulo, ndipo sankasamala za zokongoletsa. Vuto limene linali patsogolo pake linali lakuti aliyense wokhala m'nyumbamo aone zochitika popanda mzati womutchinga. Aliyense amene anamangapo nyumba ya udzu amadziwa kuti denga likatambasuka limafuna mzati pakati. Williams anafuna denga lotambasuka mamita oposa 70 popanda mzati ndi umodzi womwe. Chimene anachita ndi kumanga mikono yakonkire yochokera mbali zonse ziwiri, yokumana pamwamba pakati pa nyumba, ndipo kulemera kwake anakubwezera kunja, pa nthiti zikuluzikulu zija zimaoneka m'mbali mwa nyumbayi. Choncho nthiti zimene wodutsa angaziyese zokongoletsa ndizo zanyamula denga kwa zaka zoposa makumi asanu ndi anayi.

Nyumbayi inamangidwa pa gawo lina la malo amene panali nyanja yokumba ya chionetsero cha 1924. Pakati pake panali dziwe losambiramo lotalika mamita pafupifupi 61, mulifupi mamita 18, lokhala ndi makina opanga mafunde. M'nyengo yotentha anthu ankasambira. M'nyengo yozizira pamwamba pa dziwe ankayalapo bwalo lina, n'kuliundanitsa. Kachitidwe kake n'kosavuta kumva: pansi pa bwalo pamadutsa mapaipi onyamula madzi amchere ozizira kwambiri, ndipo madzi akathiridwa pamwamba pang'onopang'ono amaundana n'kukhala gwa, osalala ngati galasi. Mwana wa mfumu, Duke of Gloucester, ndiye anatsegula nyumbayi pa 25 Julayi 1934.

Masewero amene Johannesburg anataya

Chimene chinafulumizitsa ntchito yomangayo chinali British Empire Games, mpikisano wa maiko a mu Ufumu wa Britain, umene unachitika ku London mu Ogasiti 1934. Abale athu a ku South Africa angakonde kudziwa kuti mpikisanowu poyamba unaperekedwa ku mzinda wa Johannesburg. Unasamutsidwa chifukwa cha nkhawa ya m'mene ochita masewero akuda ndi a ku Asia akanalandiridwira kumeneko. Apa n'kuti kudakali zaka khumi ndi zinayi kuti tsankho la apartheid likhale lamulo la boma, koma fungo lake linali litamveka kale kutali. Ku London, pa bwalo la White City, Phil Edwards, wothamanga wakuda wochokera ku British Guiana, anapambana mpikisano wa mayadi 880. Zosambira, zodumphira m'madzi, nkhonya ndi kugwetsana zinachitikira mu Empire Pool yatsopanoyo. Southern Rhodesia anatumiza timu. Nyasaland sanaliko, ndipo Malawi anadzalowa m'masewerowa koyamba mu 1970 ku Edinburgh, ali dziko loima palokha.

Ana amene anakulira kwina

Madzi atangoundana m'nyengo yozizira ya 1934, masewero amene anadzaza nyumbayi anali hockey ya pa ayezi. Kwa amene sanaionepo, timu iliyonse imakhala ndi anthu asanu ndi mmodzi pabwalo, ovala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi, ndipo amalimbirana kampira kophwatalala kalabala ndi ndodo zopindika kumapeto. Liwiro lake ndi loopsa, ndipo kugundana n'kololedwa. Elvin anakhazikitsa matimu awiri, Wembley Lions ndi Wembley Canadians, amene pambuyo pake anatchedwa Wembley Monarchs. Dzina lachiwirilo likuulula chinsinsi: osewera ambiri ankachokera ku Canada, kumene ana amaphunzira kuterera pa madzi oundana monga m'mene ana a kwathu amaphunzirira mpira wachikulunga. M'zaka za njala ya ntchito za m'ma 1930, malipiro a ku London anakoka anyamata ambiri a kumeneko.

Pakati pawo panali ana a Angerezi ndi a ku Scotland amene makolo awo anasamukira ku Canada iwo ali aang'ono. Alex Archer, wa Wembley Lions, anabadwira ku London koma anakulira ku Winnipeg. Jimmy Foster, goloboyi, anabadwira ku Glasgow ndipo naye anakulira ku Winnipeg. Oyendetsa masewerowa ku Britain anaona mwayi: anasonkhanitsa anyamata otere n'kupanga timu ya dziko yopita ku Olimpiki ya m'nyengo yozizira ya 1936 ku Garmisch-Partenkirchen, m'dziko la Germany. A ku Canada anakwiya. Anati Archer ndi Foster anachoka popanda chilolezo cha bungwe lawo, ndipo nkhaniyo inavuta mpaka madzulo a mpikisano, pamene analola kuti awiriwo asewere. Britain inagonjetsa Canada ndi zigoli ziwiri kwa chimodzi, ndipo inatenga mendulo yagolide. Aka kanali koyamba kuti Canada alephere kupambana hockey pa Olimpiki, ndipo Britain sinabwerezenso.

Mpaka lero anthu amatsutsana ngati chipambanocho chinali cha Britain kapena cha Canada wovala malaya a Britain. Funso limeneli si lachilendo m'nyumba zathu. Tili ndi ana amene anabadwira ku Zomba kapena ku Chipata n'kukulira ku Leeds, ndi ena obadwira ku Bulawayo amene agogo awo anachokera ku Dedza. Akachita bwino, mbali zonse zimati ndi athu. Akalakwa, mbali zonse zimati ndi a kwinako. Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Anyamata a 1936 anabadwira dziwe lina, anakulira dziwe lina, ndipo luso limene anabwera nalo ndilo linapatsa dziko la makolo awo ulemu umene silikanaupeza palokha. Ife tikamadandaula kuti ana athu akulankhula Chichewa chopotoka, tizikumbukiranso kufunsa kuti kodi kumudzi kwakonzeka kulandira zimene iwo aphunzira kunja kuno.

Wembley Lions anapambana ligi mu 1936 ndi 1937, kenaka mu 1952 ndi 1957. Ena mwa masewero a mpikisano wa dziko lonse wa 1937 anachitikira pa ayezi wa m'nyumbayi. Koma nkhondo itatha zinthu zinayamba kusintha. Monarchs anatha mu 1950. Wailesi yakanema inasunga anthu m'nyumba zawo, ndipo eni mabwalo anaona kuti zisudzo za pa ayezi, zovina ndi zovala zonyezimira, zinkabweretsa ndalama zambiri kuposa hockey. Ligi ya dziko lonse inagwa mu 1960, ndipo Lions anasewera komaliza mu 1968. Hockey inabwererako mwa apo ndi apo: timu ya London Lions inakhalapo nyengo imodzi, 1973 mpaka 1974, ndime zomaliza za mpikisano wa Britain zinkachitikira kuno chaka ndi chaka kuyambira 1984 mpaka 1996, ndipo matimu a ku North America anadzasewerapo mu 1992 ndi 1993. Jayne Torvill ndi Christopher Dean, atapambana golide wa kuvina pa ayezi ku Sarajevo mu 1984, nawo anadzaonetsa luso lawo pano. Koma nyumbayi sinakhalenso mudzi wa timu yokhazikika.

Nkhondo, ndi chaka cha 1948

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inaimitsa zosangalatsa zambiri, ndipo nyumba yomangidwira masewero inasungapo anthu othawa nkhondo. Mtendere utabwera, London analandira Olimpiki ya 1948 ali wosauka, chakudya chikugawidwabe ndi makuponi. Ndalama zomangira mabwalo atsopano panalibe, choncho Elvin anapereka Wembley. Msewu wotakata wa Olympic Way, umene timayendamo tikatsika sitima pa Wembley Park, unamangidwa nthawi imeneyo, ndipo ena mwa amene anagwira ntchitoyo anali asilikali a ku Germany ogwidwa pankhondo.

Mu Empire Pool munachitika zosambira, zodumphira m'madzi ndi mpira wam'madzi. Sammy Lee, mwana wa makolo ochokera ku Korea, ndi Vicki Draves, amene bambo ake anali a ku Philippines, anapezera America mamendulo agolide a kudumphira m'madzi, Draves awiri. Onsewa anakula akukumana ndi tsankho m'maiwe osambiramo a ku California. Zosambira zitatha, okonza anayala mlatho pamwamba pa dziwe ndi kumangapo bwalo la nkhonya, madzi ali pansi. Pamenepo László Papp wa ku Hungary anatenga golide wake woyamba mwa atatu, ndipo azungu awiri a ku South Africa, Gerald Dreyer ndi George Hunter, anapambananso. Munali m'chaka chomwecho chimene chipani cha National Party chinalowa m'boma kwawo. Pofika 1964 South Africa anali atatsekeredwa kunja kwa Olimpiki, ndipo anabwerera mu 1992.

Pali chinanso choyenera kuchikumbukira pa chaka chimenechi. Makilomita owerengeka kuchokera pa khomo la nyumbayi, ku Harlesden, kunali dotolo wakuda amene ankachiza Angerezi a m'deralo: Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anakhala ku London kuyambira 1945 mpaka 1953. Kunyumba kwake kunkafika ophunzira ndi andale a ku Africa, ndipo kuchokera kumeneko ankalemba zotsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Harlesden ndi Wembley lero ali pansi pa khonsolo imodzi ya Brent. Pamene makamu ankalowa m'nyumba yotchedwa ndi dzina la Ufumu, zokambirana zogwetsa ufumuwo zinali mkati m'misewu yoyandikana nayo.

Olimpiki ya 1948 itatha, palibenso anasambira m'dziwelo. Analivundikira, ndipo lilipobe pansi pa bwalo limene anthu amapondapo.

Pamene nyimbo zinalowa

Dziwe litatsekedwa, nyumbayi inalandira chilichonse chimene chikanadzaza mipando. Harlem Globetrotters, akatswiri akuda a basketball a ku America, anayamba kubwera mu 1950. Mpikisano wa badminton wa All England unachitikira kuno kuyambira 1957 mpaka 1993, ndipo chionetsero cha akavalo cha Horse of the Year kuyambira 1959 mpaka pamene chinasamukira kwina mu 2002. Pa 16 Marichi 1971, Henry Cooper, wankhonya wokondedwa ndi Angerezi, anagonja kwa Joe Bugner, mnyamata amene anabwera ku Britain ali mwana pothawa ku Hungary. Khamu linakuwiza chigamulocho, ndipo ambiri sanamukhululukire Bugner kwa zaka zambiri. Cooper sanamenyenso nkhonya.

Koma chimene chinapatsa nyumbayi moyo wachiwiri ndi nyimbo. M'zaka za m'ma 1960 nyuzipepala ya zoimba ya New Musical Express inkachititsa kuno konsati ya oimba amene owerenga awasankha, ndipo pa 1 Meyi 1966 a Beatles anaimbapo, tsiku limodzi ndi a Rolling Stones. Imeneyo inali konsati yawo yomaliza pamaso pa anthu olipira pakhomo ku Britain. Pambuyo pawo kunabwera T. Rex mu 1972, Pink Floyd, David Bowie mu 1976, ndi ABBA amene anaimba mausiku asanu ndi limodzi mu Novembala 1979. Kuyambira 1969, nyengo ya Pasaka iliyonse kwa zaka zoposa makumi awiri, kunkachitika chikondwerero cha nyimbo za country, ndipo mawu amene tinakula tikuwamva pa wailesi kumudzi, monga a Don Williams ndi Dolly Parton, anamvekapo pansi pa denga limeneli.

Tsiku limodzi tikufuna kulipatula pa onsewa. Mu Epulo 1970 m'nyumbayi munachitika Caribbean Music Festival. Desmond Dekker, Toots and the Maytals, Millie Small, Bob and Marcia ndi ena anaimba reggae pamaso pa zikwi za anthu, ambiri a iwo ana a anthu amene anachokera ku Jamaica, Trinidad ndi Barbados kudzagwira ntchito m'mabasi, m'sitima ndi m'zipatala za ku London. Panali patapita zaka ziwiri zokha Enoch Powell atalankhula mawu ake odziwika otsutsa kubwera kwa anthu akuda m'dziko muno. Horace Ové wa ku Trinidad anajambula konsatiyo n'kupanga filimu yotchedwa Reggae. Taganizani: zidzukulu za anthu amene Ufumu unawalamulira, zikuvina nyimbo zawo m'nyumba yolembedwa Empire, pa nthaka imene zaka 46 m'mbuyomo anthu akuda anali chionetsero. Tsopano anali eni tikiti ndiponso eni nsanja. Njira imene anatsegula ndi imene Burna Boy wa ku Nigeria anadutsamo pamene anadzaza nyumbayi mu Novembala 2019.

Dzina la Empire Pool linachotsedwa mu 1978, ndipo nyumbayi inakhala Wembley Arena. M'chaka chomwecho mpikisano umene inamangidwira, umene unali utataya kale liwu lakuti Empire mu 1970, unatayanso liwu lakuti British n'kungokhala Commonwealth Games. Msewu wina wodutsa pafupi ukutchedwabe Empire Way.

Chifukwa chake sinagwe

Nyumba zinzake za msinkhu umodzi zinapita. Harringay Arena, imene inatsegulidwa mu 1936 ndipo inali mdani wamkulu wa Wembley pa hockey, inatsekedwa mu 1958, inasanduka nkhokwe ya katundu, kenaka inagwetsedwa mu 1978. Earls Court anatsekedwa mu 2014 n'kugwetsedwa. Ngakhale bwalo lakale la mpira la Wembley, ndi nsanja zake ziwiri zotchuka, linatsekedwa mu 2000 ndi kugwetsedwa, ndipo latsopano linatsegulidwa mu 2007. Nanga Empire Pool inapulumuka bwanji?

Zifukwa zikuoneka ziwiri. Choyamba, mu 1976 boma linailemba m'kaundula wa nyumba zotetezedwa, pa mlingo wa Grade II, chifukwa cha luso la Owen Williams. Nyumba yotere siigwetsedwa kapena kusinthidwa popanda chilolezo chapadera. Chachiwiri ndi denga lija lopanda mzati. Malo aakulu opanda chotchinga angasanduke chilichonse: dziwe lero, ayezi mawa, mchenga wa akavalo mkuja, nsanja ya oimba tsiku linalo. Williams sanaone a Beatles m'maloto ake pamene ankajambula mapulani, koma anasiya malo okwanira zimene sankazidziwa.

Pakati pa 2005 ndi 2006 nyumbayi inakonzedwanso ndi ndalama pafupifupi mapaundi 35 miliyoni. Khomo lalikulu analitembenuza kuti liyang'ane ku bwalo latsopano la mpira, ndipo gulu la Depeche Mode ndilo linaitsegulanso mu Epulo 2006. Imalowa anthu 12,500. O2 Arena itatsegulidwa mu 2007 ndi malo a anthu pafupifupi 20,000, ufumu wa makonsati aakulu unasamukira kumeneko, komabe Wembley sinasowe ntchito. Mu 2012 inalandiranso Olimpiki, nthawi ino badminton ndi masewero opinda thupi motsagana ndi nyimbo, patapita zaka 64 kuchokera pa Olimpiki yake yoyamba. Mu 2014 inatenga dzina la kampani yamagetsi ya SSE, ndipo mu 2022 la OVO. Maina a makampani amabwera ndi kupita malinga ndi mgwirizano wa malonda. Konkire wa 1934 ndi yemweyo.

Mawu otsiriza

Ife okhala kunja nthawi zambiri timadziona ngati odutsa. Timadziwa nambala ya basi ndi nthawi ya sitima, timadziwa kogula ufa ndi kotumizira ndalama, koma mbiri ya misewu imene timayendamo timaisiyira eni dziko, poganiza kuti ife mulibemo. Mbiri ya nyumba imodzi yokhayi yatisonyeza kuti tilimo. Fodya wa Nyasaland anafika pa nthaka ya Wembley ife tisanafike. Tsankho la ku Johannesburg linasamutsira kuno masewero amene nyumbayi inatsegulira. Dotolo wa ku Kasungu ankachiza odwala cha pafupi pomwepa. Ana a anthu osamuka, a ku Winnipeg, a ku California, a ku Hungary ndi a ku Kingston, ndiwo analemba masamba ake ambiri.

Choncho tsiku limene mudzatengere ana ku konsati kapena ku chionetsero cha pa ayezi ku Wembley, fikani msanga. Zungulirani nyumbayo kunja, muwaonetse nthiti zakonkire ndi kuwafotokozera ntchito yake. Mukalowa, auzeni kuti pansi pa mapazi awo pali dziwe limene lakhala lovundikirika kuyambira 1948, ndi kuti dziwelo linakumbidwa pa malo a chionetsero chimene dziko la agogo awo linali m'gulu la zoonetsedwa. Akafunsa kuti dzikolo linali liti, ndipo linatuluka bwanji m'chionetserocho, nkhani yotsatira ndi yanu kuifotokoza, ndipo muifotokoze m'chinenero chathu.